Manja a Mayi Sefa

Madzi onse oipa a m'tauni, a m'zimbudzi, m'mabafa ndi m'masinki, amathera pamalo amodzi, ndipo woyamba kuwalandira ndi Mayi Sefa. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a kuntchito, chifukwa kwa zaka makumi awiri akhala akuima pa sefa yachitsulo pomwe paipi yaikulu imalavulira, reki ili m'manja, kukokolola nsanza, mapulasitiki ndi zina zosatchulika pagulu. Akapanda kutero sefa imatseka, madzi n'kusefukira kumsewu.

Kuchoka apo madzi amadutsa m'madamu anayi. Loyamba ndi lakuda bii, koma lachinayi mumasambira abakha. Matope otsalira amawayanika miyezi ingapo mpaka asanduke manyowa, ndipo olima maluwa amachita kulimbirana. Mayi Sefa amanyadira zimenezi, ngakhale palibe amawaombera m'manja. Anthufe timangotsegula madzi m'chimbudzi n'kutuluka tikuimba mluzu, ngati zapita kumwamba.

Chimene chinkawawawa chinali kunyumba. Mwana wawo wamwamuna anakwatira mtsikana wa ku saluni, waulemu ndithu, koma kapu ya apongozi ake ankaiika payokha pawindo. Mtsikanayo atakhala woyembekezera, mwamuna wake anabwera akukanda m'mutu, n'kuizungulira nkhani mpaka anafika ponena kuti khanda likabadwa, mwina amayi azingolionera patali kaye. Iwo anati palibe vuto. Linali bodza. Tsiku limenelo reki anaikoka akulira.

Mwana anabadwa Lachitatu m'mawa, wamkazi, masiku asanakwane. Masana achibale anaunjikana pakhomo la wodi, ndipo nesi wamkulu, mayi wosaseka ndi munthu, analoza sinki kuti aliyense asambe m'manja. Amayi ake a mtsikanayo ananyowetsa nsonga za zala n'kupukutira m'diresi. Azakhali ake anachitanso chimodzimodzi.

Mayi Sefa anali kumapeto kwa mzere, osayembekezera n'komwe kulowa. Koma munthu akazolowera wazolowera. Anapinda malaya, anatulutsa kaburashi m'chikwama, n'kuyamba monga amachitira tsiku lililonse poweruka: sopo mpaka m'zigongono, pakati pa zala, pansi pa chikhadabo chilichonse, kutsukuluza, kubwerezanso, kenaka kutseka mpopi ndi chigongono.

Nesi uja anaima n'kumawayang'ana. Anawafunsa ngati anagwirapo ntchito m'chipinda cha opaleshoni. Iwo anayankha motsitsa mawu kuti ayi, amagwira ku madamu a zonyansa.

"N'chifukwa chake," anatero nesiyo. "Enanu bwererani pa sinki. Agogo, lowani."

M'katimo mpongozi wawo anali chigonere, ndipo zonse anazimva, poti chitseko chinali chotsegula. Nesi ananyamula khandalo m'kabedi kake kuti awapatse, koma Mayi Sefa anabisa manja kumbuyo. Mtima unkafuna, koma sakanalandira mdzukulu mwa lamulo la nesi, mayi wa mwanayo asanalole.

Mtsikanayo anawayang'ana apongozi akewo kwa kanthawi, manyazi atamugwira.

"Amayi, tulutsani manjawo," anatero. "Mulandireni."

Anamulandira. Kamwanako kanali kopepuka kuposa reki, ndipo manja aja, amene akhala akukokolola zonyansa pa sefa zaka makumi awiri, anakafungatira pachifuwa.