Tsiku Limene Zebedee Anayesa Galimoto ya Kenan

Zebedee Mwangolera anabadwira ku Lupembe, koma umakaniko anakauphunzira ku Kitwe m'dziko la Zambia, kumene anatha zaka zambiri akukonza malole a pamgodi. Anabwerera kwawo mu 1967 ndi bokosi la masipanala, mkazi wake Lettie ndi mwana mmodzi yekha, Hilda. Anamanga shedi ya malata kuseri kwa msika wa pa Karonga boma, ndipo posakhalitsa aliyense wofuna kugula galimoto yakale ankayamba wadzera kwa iye.

Sanali munthu wokoma pakamwa. Mphunzitsi wina atabwera naye pa galimoto yonyezimira, Zebedee anangoyendetsa maginito m'mbali mwake. Maginito aja atakana kugwira, iye anati, "Aphunzitsi, apa mukugula dzimbiri lomatidwa phala." Ogulitsa ankadana naye, koma onse ankadziwa kuti Zebedee akati galimoto ndi yabwino, ndi yabwinodi.

Ku Kaporo kunali Kenan Mwaipopo, amene anabwera kuchokera ku Joni ndi Chevrolet yofiira ya zitseko ziwiri ndi masilinda asanu ndi atatu. Ikalira, ng'ombe zinkabalalika m'minda ya mpunga. Kenan ankaikonza yekha, osalola wina kutsegula boneti. Mu 1975 anafunsa mokweza pamsika chifukwa chimene mayi woyembekezera amagulira makadi awiri a chipani, ndipo sabata isanathe anthu a boma anabwera kudzamutenga. Miyezi inadutsa osabwerako.

Chaka chomwecho madzi osefukira anakokolola mpunga. Mkazi wake Yunike, wotsala ndi ana anayi, anaganiza zogulitsa galimoto kuti apeze chakudya komanso ulendo wokafunafuna mwamuna wake m'ndende za kummwera. Anthu ankaopa katundu wa munthu womangidwa. Amene anadzipereka anali a Reginald Msukwa okha, eni chigayo komanso apampando a chipani m'deralo. Yunike anavomera, koma anapempha chinthu chimodzi: abwere a Mwangolera adzaione, chimene anene iwo ndicho chikhale.

Kutatsala tsiku limodzi, a Msukwa anafika pashedi masana, nakhala pa mpando wa lole wong'ambika.

"Bambo Mwangolera, galimoto ija ndi yakufa," anatero.

"Sindinaione, apampando."

"Mukaiona mawa kuti ndi yakufa. Paja munali ku Zambia? Kumene kuja kuli anthu othawa boma. Pena ndimafunsidwa kuti munkadya ndi yani, ine n'kumati sindikudziwa." Anasasa fumbi pabondo. "Ndamva kuti Hilda wasankhidwa kukaphunzira unamwino. Mwana wanzeru. Mapepala ake asadzasochere."

Zebedee sanamuuze Lettie kanthu.

Anafika ku Kaporo m'mamawa, monga ankachitira nthawi zonse, chifukwa injini yotentha imabisa matenda. Galimoto inali pansi pa mtengo wa mango, pakachulu pamene madzi sanafike, yofundikidwa ndi mphasa. Yunike anali ataitsuka. Anagwada popereka moni, n'kumupatsa makiyi ndi manja awiri. Anthu a m'mudzi anaima chapatali, a Msukwa ali pampando umene anawatulutsira.

Zebedee anayamba ntchito akupemphera mumtima kuti apeze vuto lenileni. Anasolola kachitsulo koyezera oilo, napaka oiloyo pakati pa zala: analibe mchenga, sankanunkha kupserera. Anatsegula ladiyeta, madzi ali mbee, opanda kadontho ka mafuta. Anamasula mapulagi onse asanu ndi atatu n'kuwandanditsa pansalu, onse ouma, ofiirira mofanana. Anakwawira kunsi akugogoda chesesi ndi kahamala, chitsulo chikulira ngati belu. Kumene galimoto za ku Kaporo zimaolera, Kenan anali atapakako oilo wakale ndi burashi, ngodya iliyonse.

Anamangirira batire limene anabwera nalo, napotoza kiyi. Injini inadzuka kamodzi n'kamodzi, pansi pakunjenjemera. Ana a Kenan anaomba m'manja. Zebedee anagunditsa sikuludilaiva yaitali painjini, chigwiriro chake n'kuika kukhutu, namvetsera silinda iliyonse payokha. Anatchinga nsalu yoyera kuekizozi, nsalu n'kuchoka ili yoyera. Kenako anaitulutsira pamsewu wa ku Songwe. Magiya ankalowa okha. Pamalo oongoka anasiya chiwongolero, galimoto osapatuka ngakhale pang'ono. Atapondako mafuta, msana unamatirira kumpando, ndipo anadzipeza akuseka yekha ngati mwana. M'moyo wake wonse anali asanagwirepo galimoto yosamalidwa chonchi.

Atabwerera anazimitsa injini, natuluka.

"Tiuzeni, amisiri," anatero a Msukwa.

Zebedee anapukuta m'manja nthawi yaitali. "Injini ili ndi mng'alu m'kati," anatero. "Siitha mwezi. Zipangizo zake kuno kulibe. Wogula akugula matayala ndi mipando."

Yunike anamuyang'ana. "Mwamvetsera bwino, tata? Bambo a ana ankati ifika ku Joni n'kubwerako."

"Ndamvetsera, mayi."

"Ndaga," anatero Yunike, kumuthokoza m'Chinkhonde, ndipo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi nthochi zophika kuti mlendo asapite ndi njala. Zebedee anadya, chifukwa kukana kukanaonetsa.

A Msukwa anati akuchita chifundo chabe, napereka zomwe munthu angagulire njinga yakapalasa. Ndalamazo zinamufikitsa Yunike ku Zomba, kumene anagona pakhonde la wachibale masabata awiri osauzidwa ngakhale ndende imene mwamuna wake anali. Anabwerera chimanjamanja. Ana awiri aakulu anasiya sukulu, ndipo wamng'ono anamwalira ndi chikuku chilimwe chotsatira.

Galimoto ija inatha mwezi, inatha chaka, inatha zaka. Inkadutsa pamsika tsiku lililonse ikubangula, ndipo a Msukwa akaledzera ankafotokoza okha nkhaniyo, akutsanzira mmene Zebedee ankapukutira m'manja. Boma lonse la Karonga linadziwa. Ofuna kugula galimoto anasiya kubwera pashedi. Amene ankabwera anali a mtundu wina, olankhula chonong'ona: "Pali lole ya mayi wamasiye ku Vinthukutu. Tiyeni mukaipezere mng'alu, tigawana." Zebedee ankawathamangitsa ndi sipanala, iwo akuseka. Kasitomala amene sankasowa anali a Msukwa, omwe ankabweretsa Chevrolet mwezi uliwonse kuti aisinthe oilo, ndipo za malipiro sizinkatchulidwa.

Kenan anatulutsidwa mu 1981, mano akutsogolo atatha, miyendo itatupa, maso akuona mwachimbuuzi. Tsiku lina anafika pashedi atatsamira ndodo, n'kupeza galimoto yake ikulira, Zebedee ataweramira painjini. Anaima n'kumvetsera, mutu atapendeketsa.

"Mwaisamala, a Mwangolera," anatero. "Mng'alu uja munauwotcherera ndi chiyani?"

Zebedee anazimitsa injini. Anayamba kufotokoza za Zambia, za mapepala a Hilda, mawu akumuthawa. Kenan anamudikira mpaka anamaliza.

"Wanuyo ndi namwino tsopano?"

"Inde."

"Zikomo. Wangayo dzina lake anali Keziya. Ndimati mwina simunauzidwe."

Anagwira boneti ndi chikhatho kamodzi, n'kumapita pang'onopang'ono cha kudepoti ya basi.

Sabata yomweyo Zebedee anagwetsa shedi, nabwerera ku Lupembe. Kumeneko ankamata machubu a njinga ndi kuwotcherera mapoto obooka. Galimoto ikafera pamsewu anthu n'kubwera kudzamuitana, ankati akudwala. Lettie atamwalira anayamba kumwa, ndipo anyamata a pamalo omwera ankamugulira kapu kuti agunditse khutu pamimba ya munthu n'kunena ngati ili ndi mng'alu. Iye ankachita.

Hilda ankagwira ntchito kuchipatala china cha kummwera ndipo ankabwera kamodzi pachaka. Ulendo wina bambo ake, ali ataledzera, anamuuza kuti zonsezo anachitira iye. Hilda anali akupinda zovala. Sanasiye kupinda.

"Adada, ine simunandifunse," anatero. "Musandisenzetse mwana wa eni."

Anapitiriza kutumiza sopo ndi shuga, koma ana ake sanabwere nawonso ku Lupembe.

Zebedee anamwalira mu 1988, nthawi yokolola mpunga, anthu ali otanganidwa m'minda. Mwambo wa maliro unali waufupi. Mkulu wa mpingo anati malemuyo anali mmisiri wa njinga, ndipo panalibe amene anaimirira kuti awonjezerepo.