Maso Ouma a Angetile

Aliyense amene anagulapo nthochi pamsika wa ku Tukuyu anamuonapo Angetile, wokonza maambulera, ali pakhonde la sitolo, waya ali kukamwa. Kuno mvula sipuma, ndiye ntchito sinkamusowa. Ine ndagulitsa nthochi pambali pake kuyambira ndili mtsikana, ndipo mpaka lero ndimapsa mtima ndikamva munthu akuti anali wouma mtima.

Mkazi wake anali Tumpale, wa kwaya, woseka mokweza mpaka msika wonse kucheuka. Masana ankamubweretsera nthochi zophika ndi nyama, n'kumamunena pamaso pathu: "Maambulera a eni mumasoka, koma denga lathu likudontha ngati dengu!"

"Lisiyeni lidonthe, mayi," ankatero Angetile. "Likamadontha timagona mofinyana."

Tumpale anali ndi amalume ake okhala ndi malole, amene chuma chawo chinkakwera nthawi iliyonse pamtundu pakagwa maliro. Mutu utayamba kumuvuta, anauza mwamuna wake ine ndili pomwepo: "Akanditenga, chimene mudzakwirire ndi thunthu la nthochi. Ine ndidzakhala kuseri kwa chitseko, wosaoneka, wosayankhula. Koma musadzalire. Mukadzangogwetsa msozi inuyo, basi, ndakhala kapolo wawo mpaka kalekale. Mukapirira ndidzabwerera."

Sipanapite nthawi, Tumpale anamwalira. Pamaliro tonse tinagubuduka, koma Angetile anangokhala duu, atakukuta mano. Mkulu wake wa malemu anamulavulira. "Alamu, ngakhale galu amalira! Mwamudya ndinu!"

Kuyambira pamenepo moyo wake unali wolondera maso ake. Anasiya tchalitchi poopa nyimbo za kwaya. Ankaphikira panja poopa utsi, anyezi osamukhudza n'komwe. Amayi ake omubereka atamwalira, anakaima kutali m'munda wa tiyi mpaka anthu atabalalika. Akazi amasiye ankabwera ndi maambulera abwinobwino kuti awaonere, iye n'kuwabwezera mwaulemu, amvekere, "Pepani, ndili pabanja." Denga lija analisiya momwemo, kuti mwiniwake adzapeze chomunenera.

Madzulo alionse ankaika mbale ya nthochi kuseri kwa chitseko, ndipo m'mawa ankaipeza itadyedwa.

"Achimwene, mukungonenepetsa makoswe," ndinkamuuza.

"Makoswe akowo amasankha?" ankandifunsa. "Yopserera amaisiya pambali, monga ankachitira iye."

Ndinkamuseka, koma ndikafika kunyumba ndinkalira ndine.

Tinakalamba tili pakhonde lomwelo. Amalume a malole aja anafa, malole anagulitsidwa, koma Tumpale osabwera. Angetile ankati njira yangotalika.

Tsiku lina m'mawa, nyengo yozizira, mphepo inatsika kuchokera kuphiri la Rungwe iye akulimbana ndi kulowetsa ulusi m'singano. Maso a munthu wokalamba sachedwa kuchita madzi. Ndinaona dontho likutsika patsaya lake n'kugwera pa ambulera. Analikhudza ndi chala, n'kuchiyang'ana chalacho nthawi yaitali.

"Ndi mphepo, achimwene!" ndinakuwa. "Ndi mphepo chabe, umenewo si msozi!"

"Kumeneko safunsa kuti wagwetsa ndani," anatero motsitsa mawu. "Tumpale, mayi, ndikhululukireni."

Kenako analira. Sindinamvepo munthu akulira chotero. Analira mkazi wake, analira amayi ake, analira maliro onse amene anawathawa. Ine ndinamugwira mutu ngati mwana, nthochi zanga mbuzi zikudya.

Madzulo ake anaikabe mbale kuseri kwa chitseko. M'mawa anabwera nayo kumsika ili yodzaza, yosakhudzidwa, n'kuiika pa benchi yanga.

"Idya iwe, zingawonongeke," anatero.

Sabata yomweyo Angetile anabwereka makwerero, n'kukonza denga.