Nsomba za Azakhali Zili pa Chikwangwani

Azakhali anga anadyetsa nsomba zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo m'zaka zonsezo palibe anawatchulapo kuti katswiri. Ankagwira ntchito m'chinyumba chachitali cha malata kuseri kwa mafakitale, momwe munali matanki asanu ndi limodzi, lililonse lalikulu ngati chipinda chogona. M'mawa ankalowa atavala majombo owakulira, n'kuzungulira matanki onse manja ali kumbuyo, osaponya kanthu. Ankati nsomba umayamba waiyang'ana kaye. Ikamathamanga pansi, ipatse. Koma ikangoti duu pamwamba, kukamwa kuli yasa, usayerekeze. Imeneyo sikupempha chakudya, ikusowa mpweya, ndipo chimene uponyecho chingowola n'kuwonongeratu madzi.

Kunyumba fungo la nsomba linkawatsogolera. Ife ana a achimwene awo tinkawaseka kuti amphaka a mumsewu wathu amawadziwa bwino kuposa abusa. Iwo ankangoti tisekeretu, fungo lomwelo ndi limene likuphunzitsa ana awo awiri sukulu.

Mwini malowo anali bambo wa nsapato zosongoka amene antchito anamupatsa dzina loti Bwana Tsogolo, chifukwa sankatha kulankhula mawu asanu osatchulapo tsogolo. Nsomba sankadya, ankati zimamutulutsa zidzolo. Madzi a m'thanki sanawagwirepo ndi chala chomwe. Koma akaima pamsonkhano kufotokoza mmene nsomba za m'matanki zidzadyetsere dziko lonse popanda kuwononga nyanja, ngakhale nsombazo zikanamuwombera m'manja.

Chaka chimenecho pampu yopopera mpweya m'madzi inayamba kutsokomola ngati nkhalamba yosuta. Azakhali anakanena, anakanenanso, mpaka anachita manyazi okha. Bwana Tsogolo sanaikonzetse. M'malo mwake anagula makina oponya okha chakudya ukangodina foni, ndi kanema wamkulu wapakhoma woonetsa mizere yobiriwira yokwera basi, yosatsika. Ankayembekezera alendo ofuna kuika ndalama zawo mu ulimi wamakono wosawononga chilengedwe, ndipo ankati anthu otere sakopeka ndi pampu. Azakhali anadziwa kuti makinawo akakondedwa ndiye kuti ntchito yawathera, ndipo pamsinkhu wawo panalibe wina akanawalemba kudyetsa nsomba.

Tsiku la alendo, pampu ija inazima m'mamawa, n'kudzayaka mochita kuimenya. Azakhali atafika anapeza nsomba zonse za m'thanki lachitatu zili pamwamba, tikamwa tokhatokha.

"Bwana, izi lero zisadye. Tisinthe madzi kaye," anatero azakhali.

"Mayi, anthu achokera kutali kudzaona makina akuponya chakudya. Ndikawauze kuti nsomba zikusala kudya?"

Atatero anawatumiza kuchipinda chosungiramo matumba, ati majombo awo sakugwirizana ndi chithunzi cha tsogolo. Anamvera, poti wopempha ntchito sakweza mawu. Anakhala pa thumba n'kumasuzumira pa kawindo kong'aluka.

Alendo anabwera atatu, ndipo anavekedwa makhoti oyera ndi tizipewa ta kumutu ngati akukachita opaleshoni. Anaima nthawi yaitali pa kanema uja akugwedeza mitu. Kenako anafika pa thanki lachitatu. Mayi wina mwa iwo ataona nsomba zonsezo zitayasamula, anawomba m'manja n'kunena kuti chibadwire sanaonepo nsomba zokonda kudya chonchi. Bwana Tsogolo anadina foni, makina anamwaza chakudya, wojambula anajambula. Palibe anaona kuti timibulu tachakudyato tikungoyandama, popanda nsomba ngakhale imodzi yotilawa. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma alendowo sanabwere kudzang'amba nkhuyu. Madzulo asanafike anali atasaina mapepala.

Ndikafika pamenepa mtima wanga umawira, ndisaname. Anthu ophunzira, odzaza ndi mawu a chilengedwe pakamwa, kuombera m'manja zinthu zimene zikubanika pamaso pawo.

Patapita masiku awiri thanki lachitatu linayera ndi mimba za nsomba. Anazivuula ndi azakhali omwewo, okha, ndi ukonde wa m'manja, kuyambira m'mawa mpaka masana. Zina anazilera kuyambira zili ngati chikhadabo. Atamaliza kutsuka thankilo ndi pamene anawaitana ku ofesi kukalandira kalata. Kalatayo inkawathokoza kwambiri, n'kunena kuti imfa ya nsombazo yasonyeza kuopsa kodalira njira zachikale, choncho kampani yaganiza zopita patsogolo. Sabata yomweyo kunabwera pampu yatsopano, mwakachetechete, kudzera chitseko chakumbuyo.

Pano azakhali amatsuka mbale pa malo ena odyera kutsidya kwa tauni. Sadandaula, amati mbale siziyasamula. Koma pa mphambano pamene basi imaima kudikira maloboti, kampani ija inakhoma chikwangwani chachikulu. Ndi chithunzi cha thanki lachitatu tsiku la alendo lija, tikamwa tonse tili yasa, ndipo pansi pake analemba kuti: Nsomba zokondwa, dziko lathanzi.

Tsiku lina ndinakwera nawo basi imeneyo. Bambo amene anakhala pafupi nafe analoza chikwangwanicho n'kunena kuti nsomba zimenezo zikumutulutsa malovu, zikuoneka kuti zikusamalidwa.

"Zinali kufa zimenezo, bambo," anatero azakhali chapansipansi.

Bamboyo anaseka, n'kuuza mnzake kuti mayiwa ndi a nthabwala. Masiku ano azakhali amatsikira pa siteji ya kumbuyo, basi isanafike pa chikwangwanicho, n'kuyenda wapansi kudzera kuseri kwa msika, ngakhale kukugwa mvula.