Anandilemba kuti ndinathawa banja

“Pitani! Tione ngati mvula ya ku Rumphi imagwa ndalama!”

Anali mkazi wanga, mayi a Feliya, tsiku limene lole ya bwana wa fodya inabwera kudzatenga matenanti kwathu pa Milonde, ku Mulanje. Ndinawayankha mawu amene sindingalembe pano, n'kukwera. Zaka ziwiri zotsatizana madzi anali atakokolola chimanga m'munda mwathu, ndipo ine, munthu wa Fomu 4, ndinatopa kupempha madeya kwa alamu anga a Makwinja.

Ku Rumphi ndinakhala zaka zinayi. Fodya ulima ndiwe, mtengo atchula bwana. Zotsala ndinkatumiza pa foni, zina mwa izo, ndisaname, ndinkamwera. Anzanga ankacheza m'Chitumbuka, ine n'kumaseka mochedwa. Lamlungu ndinkakwera pachulu kusaka netiweki kuti ndimve mawu a Feliya.

Chaka chachinayi kunabwera anthu a kafukufuku wa nyengo. Mtsikana wonyamula tabuleti, chifoni chachikulu cholembapo mayankho, anakhala pa mpando wanga umodzi womwewo.

“Bambo, mwakhala kuno zaka zingati?”

“Zinayi.”

“Ndiye mafunso a mvula yakale tiwadumpha. Amenewo ndi a eni dera.”

Ndinamuuza kuti mvula ndikuidziwa kuposa agogo ake. Ndinamufotokozera za chiperoni chimene kale chinkanyowetsa nandolo sabata yathunthu, lero chimangonunkhiza n'kupita, ndi za mitsinje yotsika m'phiri imene yayamba kusenza miyala.

“Pepani bambo, za ku Mulanje mulibe polemba umu. Funso lanu ndi ili: munachoka kwanu chifukwa cha ntchito, ukwati, kapena nyengo?”

“Ntchito,” ndinatero. Ndikanavomera bwanji pamaso pa mwana ngati ameneyo kuti ndinathawa mvula? Anadina, nathokoza, napita khomo lina.

Patangotha miyezi iwiri uthenga unafika kuchokera kwathu: napolo wadutsa, munda wonse ndi miyala, khoma la nyumba lagwa, koma tonse tili moyo. Bwana anati tenanti sachoka fodya asanagulitsidwe. Ndinatukwana, ndinaswa ndowa, koma ndinakhala. Ndinafika kwathu mu Ogasiti.

Munda sindinauzindikire. Miyala ina inali yaikulu ngati nkhokwe. Mayi a Feliya anandilandira chikwama, koma maso ali kumsewu. Dzuwa lisanalowe anatulukira a Makwinja, kope kukhwapa. Iwo ndiwo ankalemba maina a opatsidwa malo atsopano kumtunda.

“Alamu, mwafika bwino. Koma Lachinayi musaoneke pano.”

“Pakhomo panga?”

“Pakhomo pa mlongo wanga. Abungwe logawa malo akubwera kudzatsimikiza maina. Malo ndi ochepa, akuyambira mabanja opanda bambo. Tinalemba kuti munathawa banja.”

Ndinawagwira kolala. “Ndathawa ine? Malata awa anagula ndani?”

“Tsiku la napolo malata anu ananyamula mwana?” Anali mayi a Feliya, osakweza n'komwe mawu. “Feliya ndinamubereka kumsana ndekha, madzi ali m'chiuno. Mudzi wonse ukudziwa kuti muli moyo, palibe waulula. Mukufuna muulule ndinu?”

Ndinasiya kolala ija.

Kumpoto anandidumpha chifukwa sindine mwini dera. Kwathu, kumene mvula yake ndimaidziwa ndi fungo, dzina langa lili m'kope ngati munthu wothawa, ndipo bodza limenelo ndi limene lipezere mwana wanga pogona. Chondiwawa kwambiri n'chakuti silili kutali ndi zoona. Mtsikana wa tabuleti uja nditamuonanso ndingamuuze afufute yankho lija.

M'mawa mwake ndinachotsa nsapato zanga pakhonde ndi jekete limene ndinapachika pa msomali, kuti abungwe asadzaone chinthu cha mwamuna. Ndalama ndinasiya pansi pa mtondo. Feliya anandiperekeza mpaka pa mlatho.

“Ababa, akandifunsa ndinene kuti muli kuti?”

“Unene kuti sukudziwa,” ndinatero, n'kuimitsa minibasi ya ku Chitakale.