Kaburashi ka a Tokuji

Mayi Sumie Nukui anatha zaka makumi atatu ndi zinayi akutsuka mpunga ndi kuthirira makasitomala tiyi m'kanyumba ka amuna awo kogulitsiramo sushi, timibulu ta mpunga toikapo nsomba yaiwisi, m'tauni ya padoko ya Himi, ndipo zaka zonsezo m'mimba simunkawapatsa mtendere. Anali woonda ngati munthu womanidwa chakudya, chonsecho nsomba zonona za padoko lonse zinkadutsa m'manja mwawo. Apongozi awo ankati ndi ulesi. Amuna awo, a Tokuji, ankati ndi maganizo. Madokotala atatu anati magazi ndi ochepa, azidya bwino, ngati kuti pakhomopo pankasowa chakudya.

Dokotala wachinayi ndiye anasuzumira m'matumbo ndi kakamera n'kupeza kuti wowazunza ndi tirigu ndi m'bale wake balere. Anati zimenezi zimawapala matumbo mkati, ndipo ngakhale kadontho n'kokwanira kuwagwetsa. Mayi Nukui anayamba aseka, poti buledi sankamufuna n'komwe. Kuseka kunatha atakumbutsidwa kuti shoyu, msuzi wakuda wokometsera zakudya, amafulula ndi soya ndi tirigu. Ndiye ku Himi ukachotsa msuzi umenewu, chotsala ndi madzi akumwa basi. Dzira la pa sushi muli shoyu. Msuzi wotsekemera wopaka pa mkunga ndi shoyu yemweyo. Timizere tofiira tonamizira nkhanu amatigwiritsa ndi ufa wa tirigu. Ngakhale tiyi wozizira amene iwo eni ankapereka nyengo yonse yotentha ndi balere wokazinga.

Anagula kampoto kawokawo, namanga ulusi wofiira pa supuni yawo, n'kumadya mpunga ndi nsomba yowotcha ya mchere kukhitchini. Patatha miyezi itatu masaya anabwerera, ndipo ankakwera masitepe osapumira panjira.

Koma anthu ndiwo anawatopetsa. Mlamu wawo, a Fusako, ankauza aliyense kuti amenewo ndi matenda a alendo akunja, Sumie wangowatola pa wailesi yakanema. Makasitomala akale ankawakankhira kachidutswa n'kumati kamodzi sikapha munthu. Ndipo Mayi Nukui analeredwa ndi mayi amene ankawatoletsa njere iliyonse ya mpunga m'mbale, moti kubweza chakudya chimene munthu wakupatsa kunali ngati kumutukwana. Pamwambo wokumbukira malemu apongozi awo, a Fusako anawaikira nsomba yophikidwa mu shoyu abale onse akuyang'ana. Anadya chifukwa cha manyazi, nagona masiku anayi akubuula. Chokwiyitsa n'chakuti atadzuka, amene anapita kukapepesa chifukwa chosokoneza mwambo anali iwo omwe.

A Tokuji sankatsutsa. Ankangokhala chete, ndipo kukhala chete kwawoko kunkapweteka kuposa pakamwa pa mlongo wawo. Pakauntala pawo kasitomala saviika yekha sushi mu msuzi. Iwo amadula nsomba, kuumba mpunga, kukanikiza, kenako dzanja lamanja limatenga kaburashi m'kambiya ka msuzi wa shoyu umene anaphunzira kwa bambo awo, kupaka kamodzi, n'kuika pamaso pako. Mkazi wosadya za m'manja mwawo kwa iwo kunali kunyozedwa.

Tsiku lina bamboyo anaphulika. "Amayi a Noriko, msuzi umenewu mwaudya zaka zonsezi. Mwafa?"

"Ndimafa pang'onopang'ono, inu mumati ndi maganizo," anayankha mayiwo, osasiya kupukuta makapu.

Panapita milungu iwiri akulankhulana za ntchito zokha. Kenako Lachitatu lina m'nyengo yozizira, tsiku lotseka, a Tokuji anawaitana masana n'kuwalozera mpando wa makasitomala. Chikwatiwire anali asanakhalepo mbali imeneyo. Bamboyo anatulutsa botolo la tamari, msuzi wa soya yekha, nawauza kuti avale magalasi awerenge okha kuti mulibe tirigu. Anawaonetsa viniga wa mpunga weniweni, thabwa latsopano lodulirapo ndi kansalu katsopano. Anasamba m'manja mpaka m'zigongono. Sananene mawu opepesa, poti mawu amenewo sanawaphunzire, koma anali atasunga mimba ya buri, nsomba yonona kuposa zonse zimene zinatera padoko m'mawa umenewo.

Mayi Nukui anayang'ana manja aja akugwira ntchito, misozi ili pafupi. Mpeni unatsetsereka, mpunga unaumbika, zala zinakanikiza. Kenako dzanja linapita kumanja, kumene kambiya kamakhala chimwalirire bambo awo, linatenga kaburashi, linapaka. Sushi inatera pamaso pawo ikunyezimira. Botolo la tamari linali pomwepo, losatsegula.

A Tokuji sanaone chimene achita. Anaima manja kumbuyo, nkhope itawala ngati mwana wobwera ndi zotsatira zabwino za mayeso, akudikira. Sushi sidikira munthu, ndipo pa zaka makumi anayi za ntchito ya a Tokuji panalibe amene anabwezapo chidutswa pakauntala imeneyo. Mayiwo anaganiza za masiku anayi a pamphasa, nayang'ananso nkhope ija. Dzanja lawo linali litayamba kale kutambasuka, monga linazolowera. Pamenepo mkwiyo unawakwera, wokwiyira bamboyo, a Fusako, madokotala aja, makamaka iwo eni.

Anakankha kambaleko ndi chala chimodzi. "Bambo a Noriko, mwapaka."

Bamboyo anayang'ana nsomba, nayang'ana dzanja lawo ngati la munthu wina.

"Koma n'kochepa kwambiri, mwina..."

Mayi Nukui anavula magalasi n'kuimirira. "Ndiye idyani nokha. Ine ndatopa kudwala kuti anthu asakhumudwe."

Anali atafika pachitseko cha kukhitchini pamene anamva madzi akutuluka pampopi. A Tokuji anali ataika kambiya kaja pansi pa kauntala, akusambanso m'manja. Anadula chidutswa china osayang'ana kumbali. Anaumba, anakanikiza, ndipo dzanja linapitanso kumanja lokha, n'kufufuza pamalo opanda kanthu, kenako linayamba kutsika kulondola kambiya pansi. Analigwira ndi linzake.

"Ndakalamba nalo ili, silimva," anatero chapansipansi. "Khalani pansi, mayi. Mukaona likupita uko, mulimenye."

Mayi Nukui anatembenuka. Kenako anabwerera pampando, anatsegula okha botolo la tamari, nasankha timitengo todyera tolimba bwino. Masana amenewo analimenya kasanu ndi kawiri, kangapo mwamphamvu kuposa mmene kunafunikira, ndipo anadya mpaka kukhuta.