Khonde la Eni Ake

Ndikukumbukira msewu wa kumayadi pa boma la Mzimba, wa nyumba zakale zomwe anasiya azungu. Zinali za makonde aakulu, malata adzimbiri ndi machumuni otulutsa utsi m'nyengo yozizira. Ngakhale agalu akumeneko ankauwa mosankha anthu.

Ife tinkakhala mumsewu womwewo, koma kuseri, m'kanyumba ka antchito, chifukwa bambo anali khukhi wa anyaTembo, mayi wamasiye wa bwana wina wa zankhalango. M'makalata opita kwathu ku Kasungu, amayi ankangolemba kuti tikukhala kumayadi. Sikunali kunama, kungoti kalata inkatha msanga.

Tsiku lina azakhali, achemwali a bambo, anatulukira osatumiza mawu, atasenza thumba la mtedza. AnyaTembo anali atapita kumaliro ku Champhira, bambo ali kumsika. Amayi sanachedwe. Anawalandirira pakhonde lalikulu lonunkhira polishi, n'kuwakhazika pampando wansungwi, n'kutulutsa makapu amaluwa omwe ife sitinkaloledwa n'kuwayang'ana komwe. Ine anandinong'oneza kuti ndikatsegula pakamwa ndiona.

Tiyi ali pakati, galimoto inaima pageti. AnyaTembo anatsika, chitenje chili fumbi lokhalokha. Amayi anauma, kapu ili m'malere. Ndinali wa sitandade 3, koma ndinadziwa kuti ntchito ya bambo yatha ndipo tikagona kudepoti.

AnyaTembo anayang'ana makapu awo, mpando wawo, kenako nkhope ya amayi. Ananjuta n'kupereka moni, akusakaniza ndi Chitumbuka.

"Monire mose. Ine ndine neba, ndapota mundigawireko mchere, mbwenu ndizipita."

Amayi anayambanso kupuma. Koma ine, mwana wophunzitsidwa kuthandiza akuluakulu, ndinawamvera chisoni anyaTembo kuti aiwala.

"Adona, mchere wanu uli m'kabati yanu, pafupi ndi shuga."

Azakhali anamaliza tiyi wawo mosafulumira, n'kupukuta pakamwa.

"Alamu, musavutike. Ndinadziwa ndikungofika. Mwini nyumba sakhalira mpando cham'mphepete ngati ali pamzere wa kuchipatala."

AnyaTembo anaseka mpaka misozi, nati yewo chomene, aka n'koyamba khondelo kumva phwete chimwalirireni amuna awo. Anakhala pansi n'kuyamba kuswa mtedza ndi azakhali. Bambo sanachotsedwe ntchito. Amene analipira mlandu wonse ndi khutu langa lakumanzere, lomwe amayi analipotokola kuseri kwa nthochi mpaka linatentha ngati mbaula.

Chaka chatha ndinadutsako. Nyumba zina zasanduka malo ogona alendo, zina maofesi a mabungwe, zonse zili m'mipanda ya njerwa. Pageti lina ndinapeza atsikana awiri akujambulana pafoni, atatsamira galimoto ya eni ake, mlonda akuwauza kuti afulumire. Ndinaima kuti ndiwaseke, koma ndinapezeka ndawalandira foni n'kuwajambula ndekha, ndipo ndinaonetsetsa kuti mlondayo asaoneke.