Mzere Wachinayi wa Pempho

Laputopu yanga inafa Lachitatu, ndili Giredi 10. Sinali yatsopano. Amayi anachita kupatsidwa ndi abwana awo a ku Kabulonga, kumene amachapa ndi kusita, ndipo inafika kwathu ku Mtendere itakulungidwa m'thaulo. Batire yake inali yotha kale, moti malaiti akathima nayonso inkathima pomwepo. N'chifukwa chake ndinaikonza kuti ikangoyaka izitsegula yokha buku langa, pa tsamba lomwe ndinalekezera. M'bukumo ndinkalembamo masana alionse ndikaweruka, amayi asanabwere.

Tsiku limenelo ndinadina batani, kanyali kanaphethira kamodzi, basi.

M'mawa mwake ndinapita nayo kwa aphunzitsi a kalabu ya makompyuta, mayi wamfupi amene ankayenda ndi sikurudiraiva m'chikwama cha m'manja. Anaitsegula kunsi, ananunkhiza, n'kupukusa mutu.

"Bodi ya mukati mwake yapsa. Koma disiki ili moyo. Muli vinthu vofunika?"

"Manotsi, ba Madamu," ndinayankha. Silinali bodza, manotsi analimo.

Anakopera disiki yonse n'kukhala fayilo imodzi yaikulu, imene ankaitchula kuti imeji. Anandifotokozera kuti kompyuta yamphamvu ya pasukulu, seva, imatha kusunga makompyuta ena m'kati mwake, opanda thupi. Tikailowetsera imejiyo, laputopu yanga idzadzuka m'menemo monga inalili. Ndinamva mtima ukutsika. Kenako anawonjezera kuti, "Mawa tizachita na kalabu yonse. Iwe uzalemba pempho, ena azaonera pa pulojekita."

Ndinati, "Chabwino."

Tsamba lomwe ndinalekezera ndinkalidziwa bwino. Atate anapita ku Kitwe chaka cham'mbuyo mwake, ndipo kusukulu ndinkauza aliyense kuti ali pa ntchito kumigodi, adzabwera pa Khrisimasi. M'bukumo ndinalemba zoona: kuti ali ndi mkazi wina kumeneko, pali ndi khanda, ndiponso kuti amayi amakalirira kubafa uku akukhuthula madzi kuti ndisamve. Ndinkalemba ndi zilembo zazikulu chifukwa sikirini inali yosawala. Pa khoma la kalasi, ngakhale wokhala kumbuyo akanawerenga.

Madzulo a tsikulo ndinaganiza zokauza aphunzitsi kuti laputopuyo sindikuifunanso, koma munali masiku anga a zaka ziwiri, ndipo kwina kulikonse kunalibe. Ndinapempherera kuti malaiti athime Lachisanu, kenako ndinakumbukira kuti chipinda cha makompyuta chili ndi sola.

Lachisanu masana tinasonkhana. Pambali panga panakhala mnzanga wa desiki imodzi, amene amayi ake amagulitsa vitumbuwa pafupi ndi yadi yathu. Iyeyo pakamwa sipauma.

Aphunzitsi anati sitigwiritsa ntchito mausi, tilankhula ndi seva kudzera pa API. "API ili monga kawindo ka pa ofesi," anatero. "Ulemba pempho, ulowetsa, yankho ituluka. Sikamvera va mumtima, kamvera vamene walemba." Anali ndi lamulo lawo limodzi: pempho lililonse, wolemba aliwerenge mokweza asanalitumize.

Pa bodi analemba mizere inayi. Woyamba unali dzina la kompyuta yatsopanoyo, wachiwiri malo amene fayilo ili, wachitatu mtundu wa fayiloyo. Wachinayi unkafunsa ngati kompyutayo iyake yokha ikangomaliza kulowa. Pamenepo analemba kuti inde.

Ndinakopera, ndinawerenga, ndinatumiza. Ndinali nditalemba mothamanga, moti pa mzere wachitatu ndinasiya chilembo chimodzi osaona. Seva inayankha nthawi yomweyo kuti mtundu umenewo siiudziwa.

"Yakukana monga kondakitala wa basi yozala anthu," anatero mnzanga, ndipo ena anaseka.

Ine ndinapuma pang'ono. Kenako ndinachita mantha ena, akuti mwina ikana mpaka kalekale.

"Konza, uyesenso," anatero aphunzitsi.

Ndinakonza mzere wachitatu. Kenako chala chinatsikira pa wachinayi, ndinafufuta inde n'kulembapo ayi. Zilembo za pempho zinali zazing'ono pa khoma, palibe anaona. Koma panatsala kuwerenga. Ndinaganiza zongowerenga inde pakamwa. Ndiye kompyuta ikapanda kuyaka, aphunzitsi akanaganiza kuti chalakwika china n'kuiyatsa okha, anthu onse akuona.

Ndinawerenga mizere itatu. Pa wachinayi mawu anachepa ngati a udzudzu.

"Kweza mawu, mwana."

"Ayi," ndinatero.

Anayang'ana pa bodi, n'kuyang'ana ine. "Ine nalemba inde."

Ndinayang'ana zala zanga, inki ili pa chala chapakati.

"Muli buku langa, ba Madamu. Imatseguka yeka."

"Muli boyifurendi," mtsikana wina wa Giredi 11 anatero kumbuyo.

"Uyu?" anayankha mnzanga asanatembenuke n'komwe. "Uyu ayopa na nkhuku. Musiye."

Anaseka, koma ankaseka za nkhukuzo. Aphunzitsi sanaseke. Anatenga chofufutira, anafufuta inde wawo pa bodi, n'kulembapo ayi.

"Nalakwa ndine. Disiki ya munthu siyatsidwa pagulu. Lembani mu manotsi, iyi nayo ni lesoni. Iwe, tumiza."

Seva inavomera, inatipatsa nambala ya ntchitoyo. Kuti tidziwe pamene yafika, tinkatumiza pempho lina laling'ono lofunsa, ndipo anzanga a mu kalabu ankasinthana kubwera kudzafunsa. Yankho linkasonyeza gawo la fayilo lomwe lalowa kale, ndipo linkakwera pang'onopang'ono. Litadutsa theka linaima. Tinafunsa katatu, yankho lomwelomwelo. Aphunzitsi anati disiki zakale zimakhala ndi malo ofooka, nthawi zina imeji imatuluka yopunduka. Ananena mopepuka, ngati akunena za mvula. Ine ndinagwira m'mphepete mwa desiki. Kanthawi kapitako ndinkaopa kuti bukulo lioneka, tsopano ndinkaopa kuti silionekanso.

Titafunsa kachinayi, linasuntha. Belu lisanalire yankho linabwera lakuti yamaliza. Pa khoma panaoneka mzere umodzi wotuwa, dzina lomwe ndinapereka, ndi mawu osonyeza kuti kompyutayo ndi yozima.

Aphunzitsi anathimitsa pulojekita n'kutulutsa onse. Anandilembera pempho loyatsira pa kapepala, anatenga mabuku oti achonge n'kukakhala pafupi ndi chitseko, atandifulatira. Limenelo sanandiuze kuti ndiwerenge mokweza.

Inatenga nthawi kuyaka, monga inkachitira kunyumba. Kenako tsamba lija linatseguka, lili pakati pa chiganizo chomwe sindinamalize. Sindinaliwerenge. Ndinakopera bukulo pa fulashi, kachipangizo kosungira mafayilo ka aphunzitsi, amene anati ndibweze Lolemba, ndipo ndinaiika m'sokosi.

Mnzanga ndinam'peza akundidikira pa geti. Tinayenda limodzi mpaka pa ngalande ya pafupi ndi msika. Pamenepo ndinangoyamba ndekha.

"Ba dadi sabwera pa Khrisimasi."

"Niziba."

Ndinaima. "Udziwa bwanji?"

"Ba mami bako anauza ba mami banga pa pompi. Kalekale."

"Nanga bwanji sunakambe?"

Anakankha kamwala ndi nsapato, kanagwera m'ngalande. "Unali kukamba va Khrisimasi mokondwa, iwe. Nikanakamba chani?"

Ndinamva manyazi akukwera mpaka m'makutu. Ndinawerenga m'mutu maulendo onse amene ndinamuuza za nsapato zimene atate adzandigulire, iye n'kumafunsa kuti za mtundu wanji. Ndinafuna kufunsa kuti ndani winanso akudziwa, koma ndinaopa yankho lake.

Titafika pa tebulo la amayi ake, anatola chitumbuwa chimodzi chotentha, anachinyema pakati n'kundipatsa mbali yaikulu. Ndinadya ndikuyenda, fulashi ikundikanda pa akakolo mpaka kunyumba.